Kuvala dzinja

M'Chichewa chathu kubiriwira ndi ntchito. Timati dambo labiriwira, munda wabiriwira, phiri labiriwira, ngati kuti zinthuzi zinachezera kugwira ntchito usiku ife tili m'tulo. Mawuwa amabwera ndi fungo la dothi lonyowa ndiponso mpumulo wa munthu amene wakhala akuyang'ana kumwamba kuyambira mu Okutobala. Koma zikafika pa zovala, ambiri a ife timangoti girini, basi. Diresi la girini ndi diresi ngati lina lililonse: likutikhala kapena silikutikhala, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Ife ochepa amene tinakachita maphunziro ku Pune, mzinda wa m'chigawo cha Maharashtra chakumadzulo kwa India, tinakapeza anthu amene nkhaniyi saithera pomwepo. Kumeneko nsalu yobiriwira imanena za munthu amene waivala. Imatha kunena kuti mvula yagwa, kuti mtsikanayu wakwatiwa, kuti mayiyu ndi woyembekezera. Ndipo chifukwa imanena zonsezi, pali anthu amene amapatsidwa mtundu umenewu, palinso ena amene amalandidwa.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyambe mwaganiza za chilimwe chawo. Mu Epulo ndi Meyi kutentha kumayandikira madigiri 40. Mapiri a Sahyadri amene ali chakumadzulo kwa mzindawo amakhala ouma gwa, ofiirira ngati mtunda wa ku Chikwawa mvula isanayambe. Kenako mu Juni mitambo imachokera ku nyanja ya Arabia, ndipo pakangotha masabata awiri kapena atatu, phiri la Sinhagad limene dzulo linali fumbi lokhalokha limakhala litavala msipu mpaka pamwamba, madzi akutsika m'mbali zonse. Mwezi umene iwo amautcha Shravan, womwe umagwa mu Julayi ndi Ogasiti, ndiwo pachimake pa zonsezi. Kumpoto kwa dzikolo, ku Rajasthan, Haryana ndi Uttar Pradesh, amayi achihindu amachita chikondwerero chotchedwa Hariyali Teej. Mawu akuti hariyali ndi kubiriwira kwathu komwe kuja. Pa tsikuli amayi amavala zobiriwira, amamanga katungwe m'nthambi za mitengo, ndipo okwatiwa ambiri amapita kukacheza kwa makolo awo. Anthu amene apsa ndi dzuwa miyezi itatu safuna wowafotokozera chifukwa chimene mtundu umenewu uli wachimwemwe. Ifenso sitinafune. Pa mfundo imeneyi yokha tinali kwathu.

Pamene tinali alendo enieni ndi pa mayina. M'Chihindi mtunduwu ndi hara, m'Chimarathi chimene amayankhula ku Pune ndi hirva. Koma mukalowa m'sitolo ya nsalu pa Laxmi Road n'kungoti hirva, wogulitsa amakuyang'anani ngati mwalowa mu lesitilanti n'kunena kuti mukufuna ndiwo, osatchula kuti zanji. Pali dhani, kuchokera ku dhan, mpunga wosapuntha; ndi mtundu wa mbande zanthete za mpunga, uja mumauona m'madambo a ku Karonga mbande zikangowokedwa. Pali popti, mtundu wa chinkhwe, wowala mosachita manyazi. Pali mehendi, wothimbirira ngati mfutso wa nkhwani, dzina lake lochokera ku ufa wa masamba umene amajambulira m'manja mwa mkwatibwi. Pali pista, wotuwira, wofatsa. Pali panna, wa mwala wa emarodi. Palinso wina wozama ngati botolo lagalasi lakale, ndi wina wotchedwa rama umene uli pakati pa msipu ndi mtambo, moti tinkakangana tokha kuti tiuike mbali iti. Mkangano umenewo unkatiseketsa, poti agogo athu omwe amati thambo lobiriwira sakanaona chovuta.

Chinatidabwitsa n'chakuti dziko lodzaza ndi masamba chotere linalibe tsamba lopatsa utoto wobiriwira wokhalitsa. Utoto wa m'mafakitale usanabwere, onyika nsalu a ku India ankaupeza mtunduwu pophatikiza iwiri. Ankayamba kunyika nsalu mu indigo kuti ikhale ya buluu, kenako n'kuikapo wachikasu pamwamba, wochokera ku makoko a makangaza, ku zipatso za mtengo wa myrobalan, kapena ku muzu wa haldi, uja ife timautcha chikasu. Vuto linali lakuti wachikasuwo umasuluka msanga kuposa indigo. N'chifukwa chake pa nsalu zamaluwa zimene zinkachokera ku gombe la Coromandel kupita ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, zimene zina zimasungidwa ku Victoria and Albert Museum ku London, masamba ambiri lero amaoneka a buluu. Wojambulayo sanalakwitse, chikasu chinachoka, indigo n'kutsala. Owomba nsalu za silika ali ndi njira ina yofanana nayo: ulusi woimirira amaika wa mtundu wina, wopingasa wa mtundu wina, mwachitsanzo wobiriwira ndi wofiira, moti wovalayo akatembenuka nsalu imasintha mtundu. Amaitcha dhoop-chhaon, kutanthauza dzuwa ndi mthunzi.

Mwina n'chifukwa cha mbiri imeneyi kuti pa zovala za ku India zobiriwira siziyenda zokha kawirikawiri. Sari ndi nsalu imodzi yosasoka, yotalika pafupifupi mamita 5.5, koma ili ndi zigawo zitatu zimene diso liyenera kuzisiyanitsa: thupi lake, mpendero wa m'mbali, ndi mchira wokongoletsedwa umene umagwera paphewa, wotchedwa pallu, kapena padar m'Chimarathi. Luso lonse la kuvala zobiriwira lagona pa mmene zigawo zitatuzi zikuyankhulirana. Sari ya Paithani, yomwe ndi kunyada kwa Maharashtra ndipo imawombedwa ku Paithan ndi ku Yeola, imatha kukhala ndi thupi lobiriwira, mpendero wa ulusi wagolide, ndi padar yodzaza mapikoko ndi zinkhwe. Zithunzi zimenezi sazipeta pamwamba, amaziwomba m'nsalu momwemo ndi manja, kaulusi kamodzikamodzi, moti sari yabwino imatha miyezi pa chowombera. Kum'mwera, ku Kanchipuram m'chigawo cha Tamil Nadu, owomba amawomba thupi ndi mpendero ndi ulusi wosiyana n'kumalumikiza mzere uliwonse, njira imene amaitcha korvai. Phindu lake n'lakuti mitundu iwiriyo siisakanikirana: chobiriwira chimakhala chobiriwira ndithu, chofiira n'kukhala chofiira ndithu, malire ake owongoka ngati a munda wolima bwino. Amayi achikulire a m'misika ya ku Pune amakonda sari za thonje za ku Ilkal, kumpoto kwa Karnataka, zimene padar yake imakhala yofiira ndi mizere yoyera. Ena a iwo amavalabe nauvari, sari ya mayadi 9 imene amaipisa pakati pa miyendo n'kuimangira kumbuyo, kuti athe kuyenda ndi kugwira ntchito momasuka.

Titaona zambiri, tinayamba kukhala ndi maganizo athuathu. Chobiriwira chozama chimafuna mnzake wolemera: maruni, chofiira cha njerwa, kapena golide wosawala kwambiri. Popti imapirira pinki wolimba uja amamutcha rani, ndipo ngakhale papepala zimamveka ngati phokoso, pathupi zimakoma modabwitsa. Mehendi imagwirizana ndi chikasu chothimbirira kapena mtundu wa dzimbiri. Pista ndi ya masana, ndipo imakonda zoyera ndi siliva. Mukaiunjikira golide wambiri imaoneka yodwala. Chobiriwira ndi pepo wa biringanya ndi ukwati umene sitinkauyembekezera, koma amayi a ku Maharashtra anautulukira kalekale. Bulawuzi itenge mtundu wa mpendero kapena wa padar, osati wa thupi la sari. Chimene sitinachikonde, ngakhale m'masitolo ena amachilimbikitsa, ndi kufananitsa zonse: sari, bulawuzi, nsapato ndi kachikwama, zonse girini mmodzi. Munthu amaoneka ngati wavala yunifolomu ya sukulu. Ndipo musagule mtundu umenewu musanautulutse pakhomo pa sitolo. Magetsi a m'kati amanama. Dhani imene inkaoneka yofatsa pa shelefu imatha kukuwa ikakumana ndi dzuwa.

Kuvala kwake kumafuna kuleza mtima kuposa mphamvu. Pansi pamakhala pitikoti yomanga ndi chingwe, ndipo ngati sari ili yopyapyala, pitikotiyo ikhale ya mtundu womwewo, apo ayi chobiriwira chanu chimatuwa kuyambira m'chiuno kutsika. Mumapisa nsonga imodzi m'chiuno, kuzunguliza kamodzi, kupinda mapindo asanu kapena asanu ndi awiri ofanana ndi chikhatho, kuwapisa kutsogolo, kenako chotsalacho n'kuchidutsitsa pachifuwa kugwera kuphewa la kumanzere. Amayi a ku Gujarat amaitenga kumbuyo n'kuigwetsera kutsogolo kudzera phewa la kumanja, kuti zokongoletsa za pallu zioneke pachifuwa. Anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku India n'kudzakhazikika ku Limbe ndi ku Lilongwe ndi ochokera ku Gujarat, ndiye ngati munaonapo gogo wachimwenye atavala choncho, n'kumene kunachokera. Kwa amene amadera nkhawa za mimba kukhala pamtunda, sari ili ngati chitenje: imabisa kapena kuonetsa malinga ndi mwini wake. Bulawuzi yotalikirapo ndi phini imodzi paphewa zimathetsa nkhani.

Sari yatsopano sivalidwa isanapite kwa telala. Amasokerera kansalu kena m'kati mwa mpendero wa pansi kuti izilemera ndi kugwa bwino, n'kupenderanso nsonga zake kuti zisayoyoke. Ntchito imeneyi amaitchula m'Chingelezi, fall ndi pico, ndipo pafupifupi m'dera lililonse muli mayi amene amadya za ntchito imeneyi yokha. Wathu anali mayi wachikulire wokhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi kumene tinkagona, makina ake opalasa ndi mwendo ali pawindo. Tinkawaitana kuti a Mavshi, kutanthauza mayi aang'ono, monga ana onse a m'deralo ankachitira. Ndi iwo amene anatiphunzitsa kuti sari ya thonje yobiriwira ichapidwe payokha ulendo woyamba chifukwa imatha kuchucha utoto, kuti iyanikidwe pamthunzi, ndiponso kuti ya silika isamapindidwe malo amodzimodzi chaka chonse, poti ulusi wagolide umathyoka m'mapindo.

Tsiku ndi tsiku, komabe, atsikana a pa koleji savala sari. Amavala salwar kameez, malaya aatali ndi buluku lotaya, ndi mpango wautali wotchedwa dupatta. Apa ndi pamene mlendo angayambire mosavuta: kurta yoyera kapena ya mtundu wa mkaka, dupatta yobiriwira ya bandhani, ija amamanga timfundo tambirimbiri asananyike kuti patsale timadontho, kapena ya leheriya ya ku Rajasthan imene mizere yake imayenda ngati mafunde. Anyamata a m'gulu lathu anapeza kuti kurta ya pista kapena ya mehendi pamwamba pa buluku loyera imawakhala, makamaka pa mwambo wa mehendi umene umachitika ukwati usanafike, pomwe alendo ambiri amavala zobiriwira ndi zachikasu. Anaphunziranso kuti pa mwamuna mtunduwu umatha kuwerengedwa mwanjira ina. Ku India anthu ambiri amagwirizanitsa chobiriwira ndi Chisilamu, monga amagwirizanitsira mtundu wa lalanje ndi Chihindu, ndipo zipani zandale zimadziwa kugwiritsa ntchito zimenezi. Mbendera ya dzikolo, imene inavomerezedwa pa 22 Julayi 1947, ili ndi mitundu yonse iwiri, ndipo amene anaivomereza anafotokoza chobiriwiracho monga nthaka ndi zomera, osati chipembedzo. Koma pamsewu anthu amawerenga mmene akufunira. Ife ochokera kudziko kumene mtundu wa chitenje umatha kuulula chipani cha munthu nthawi ya kampeni, sitinavutike kumvetsa.

Pali malangizo amodzi amene tinawamva kangapo m'masitolo ndipo tinawakana. Ogulitsa ena, mwaulemu ndithu, ankatibweza ku popti ndi ku dhani n'kumatikankhira ku mitundu yozimiririka, akumati zowala ndi za anthu oyera khungu. Maganizo amenewa ndi ozika mizu kumeneko; mafuta oyeretsa khungu a Fair & Lovely anagulitsidwa zaka zoposa 40 ndi dzina limenelo mpaka mu 2020 pamene linasinthidwa kukhala Glow & Lovely. Koma maso athu ankatiuza zina. Amayi a ku Tamil Nadu, ambiri a iwo akuda ngati ife, akhala akuvala silika wa chinkhwe ndi mpendero wa pinki kwa mibadwo, ndipo palibe amene angawaone n'kunena kuti alakwitsa. Khungu lakuda limachigwira chobiriwira chowala ngati mmene dothi lakuda la m'dimba limaonetsera mpiru. Ngati pali mtundu wofuna kusamala nawo kwa ife, ndi uja wotuwa kwambiri, umene umafuna mpendero wolimba pafupi ndi nkhope kuti munthu asaoneke ngati wadzola phulusa.

Zonsezi ndi za maso. Za mtima zili pa mkono.

Mu msika wa Tulshibaug, pakati pa mzinda wakale, muli timasitolo timene makoma ake ndi zibangili zagalasi zokhazokha. Wogulitsa, amene m'Chimarathi amatchedwa kasar, amagwira dzanja la mayi, kulifinya mwaluso mpaka lichepe, n'kulowetsa zibangili zothina zimene mwini wake sakanatha kuzivala yekha. Zambiri mwa izo zimachokera kutali, ku Firozabad m'chigawo cha Uttar Pradesh, kumene anthu amagwira ntchito pafupi ndi ng'anjo zosungunula galasi, m'kutentha kumene kumawononga maso ndi mapapo. Chikomekome cha mkuyu, tinkatero tikamva mtengo wake wotsika. Atsikana amavala zibangili za mitundu yonse, koma pali mulu umodzi umene uli ndi dzina lakelake: hirva chuda, zibangili zobiriwira za mkwatibwi wa ku Maharashtra. Amamuveka ukwati ukayandikira, chiwerengero chake chosagawika pawiri, zosakaniza ndi zingapo zagolide. Kuyambira pamenepo chobiriwira chimamutsatira. Akakhala ndi pakati pa miyezi 7, pa mwambo wa dohale jevan, amamuveka sari yobiriwira ndi maluwa n'kumukhazika pa katungwe. Akapita kukacheza kwa abale, amamuika pamiyendo kokonati, mpunga ndi kansalu ka bulawuzi, kawirikawiri kobiriwira, pomufunira nyumba yodzaza. Ku Tamil Nadu nakonso mayi woyembekezera amavekedwa zibangili zagalasi zofiira ndi zobiriwira pa mwambo wa valaikappu.

Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zimene zibangili ndi ndolo sizivalidwa, ndiye pa gawo ili tinali oonerera chabe. Mwina n'chifukwa chake tinali ndi nthawi yoyang'ana mikono ya ena, ndi kuona kuti mikono ina inali yopanda kanthu.

Mwamuna akamwalira, mwambo wakale umati zibangili za mkazi wake ziphwanyidwe, nthawi zambiri pamaso pa anthu, mtembo usananyamuke. Amamupukuta kadontho kofiira ka pamphumi, kumuvula mkanda wa ukwati wotchedwa mangalsutra, ndi mphete za ku zala za kumapazi. Kumpoto kwa India wamasiye ankavala zoyera moyo wake wonse. Ku Maharashtra, m'mabanja ena apamwamba, ankametedwa mpala n'kuvala nsalu yofiirira yopanda mpendero. Ndipo popeza kale atsikana ankakwatiwa ali ana, ena ankalandidwa mitundu yonse asanakwanitse n'komwe zaka 15. Pune ndi umodzi mwa mizinda imene nkhondo yolimbana ndi zimenezi inamenyedwera. Lamulo lolola amasiye achihindu kukwatiwanso linakhazikitsidwa mu 1856, Ishwar Chandra Vidyasagar wa ku Bengal atalimenyera nkhondo, koma lamulo silisintha mudzi tsiku limodzi. Pandita Ramabai, yemwenso anali wamasiye, anatsegula Sharada Sadan, sukulu ya amasiye, ku Bombay mu 1889, ndipo chaka chotsatira anaisamutsira ku Pune. Dhondo Keshav Karve, mphunzitsi wa masamu pa Fergusson College, anakwatira wamasiye mu 1893, anthu a kwawo n'kumusala, ndipo mu 1896 anayambitsa nyumba yosungira ndi kuphunzitsa amasiye, imene sukulu zake zilipobe mu mzindawo.

Kumeta mpala kunatha pafupifupi konse. Kuphwanya zibangili sikunathe. Mu Meyi 2022, mudzi wa Herwad m'boma la Kolhapur, kum'mwera kwa Pune, unagwirizana pa msonkhano wa mudzi wonse kuti miyambo imeneyi isachitikenso kumeneko: zibangili zisaphwanyidwe, kadontho kasapukutidwe, mangalsutra isavulidwe, ndipo wamasiye asaletsedwe kupezeka pa zikondwerero. Anachita zimenezi mliri wa Covid-19 utasiya amayi ambiri achichepere opanda amuna. M'mwezi womwewo boma la Maharashtra linalembera midzi yonse kuilimbikitsa kutengera chitsanzo cha Herwad. Taganizani: zaka 166 chikhazikitsireni lamulo la 1856, panafunikabe kuti mudzi ukhale pansi kukambirana ngati mayi angasunge tigalasi tobiriwira pa mkono wake.

Sitikunena izi ngati anthu ochokera kopanda banga. Kwathu tikudziwa amayi amene maliro a amuna awo asanathe n'komwe, achibale anali atayamba kale kuwerenga malata ndi mbuzi, mpaka Nyumba ya Malamulo inachita kukhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye mu 2011. Tikudziwanso kuti zovala zakuda za namfedwa zimagwera mkazi kuposa mwamuna. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu zakuda zimavulidwa nthawi ikakwana. Kumeneko mwambo unkati mtundu ukachoka, wachoka.

Apa ndi pamene tinagawanika maganizo, ndipo mpaka lero sitinagwirizane kwenikweni. Ena mwa ife amati vuto ndi tanthauzo lenilenilo: chobiriwira chikanakhala mtundu wamba, palibe akanavutika kuchilanda munthu, ndiye ndi bwino chisanduke girini chabe monga zilili kwathu. Atsikana ambiri a ku Pune akuchita kale zimenezo. Amavala kurta ya panna ndi jinzi popita ku ntchito ku makampani a kompyuta a ku Hinjewadi, osaganizako za ukwati kapena mvula. Enafe timaona kuti pamenepo pangatayike chinthu chabwino. Ndi mwayi kukhala ndi chovala chimene chimanena kuti moyo ukupitirira, chimene amayi ako amakuveka ndi manja awo pa tsiku lalikulu. Cholakwika chinali kuganiza kuti moyo wa mkazi umapitirira pokhapokha mwamuna wake akupuma. Anthu a ku Herwad sanathetse zibangili, ndipo sanazichotsere tanthauzo. Anangoti zikhale pa mkono umene zili. Ambiri a ife tikuona kuti iwowa ndi amene anaiponda bwino.

Nanga mlendo avale kapena asavale? Palibe amene anatiletsapo. Anzathu a m'kalasi ndi amene ankatikokera kumsika, amayi awo n'kumatimanga sari ndi manja awo, akuseka mmene tinkayendera ngati tanyamula ndowa yodzaza. Chimene anthu amayamikira ndi kudziwa malo. Sari yobiriwira ku ukwati wa mnzanu ndi ulemu, bola isakhale yolemera kuposa ya mkwatibwi. Ku maliro kumavalidwa zoyera kapena zotuwa. Kupitako ndi popti kuli ngati kufika pa siwa ndi wailesi. Hirva chuda yathunthu ndi ya mkwatibwi, ndipo mtsikana wosakwatiwa akaivala ayembekezere kufunsidwa kuti mwamunayo ndi wa kuti. Masari amene tinabwera nawo kuno timawavala mwa apo ndi apo, ndipo ena anasanduka madiresi ndi masiketi m'manja mwa atelala a kwathu, amene amadandaula kuti silika amaterera pa makina koma amavomereza kuti mpendero wotere sanauonepo.

A Mavshi aja anali amasiye. Sitinauzidwe ndi munthu. Tinaona mikono yawo, ndi masari awo otuwa, a phulusa ndi a mtundu wa tiyi wamkaka. Mwezi wa Shravan ukayandikira, pabedi pawo pankaunjikana nsalu za eni zodikira fall ndi pico, ndipo theka la muluwo linkakhala lobiriwira. Tsiku lonse manja awo ankayenda pa dhani, pa panna, pa mehendi, akusankha ulusi wofanana ndi uliwonse popanda kuyerekeza kawiri. Madzulo ena tikudikira kuti amalize sari ya mmodzi wa ife, tinawafunsa kudzera mwa mdzukulu wawo amene ankatimasulira.

"A Mavshi, pa zobiriwira zonsezi, inu mumakonda iti?"

Sanaganize n'komwe. Anakoka nsonga ya popti pansi pa mulu n'kuiyala pabondo. Anati pa dohale jevan yawo anavala yotere, ya mpendero wofiira, imene amayi awo anagula atagulitsa mbuzi.

"Nanga panopa simungavale?"

Anayamba aseka, kenako anapalasa makina mpaka kumapeto kwa mzere, n'kudula ulusi ndi mano.

"Ana anga, mwana wanga wamkazi anandigulira chaka chatha. Akuti ndidzavale pa ukwati wa uyu," anatero akuloza mdzukuluyo ndi chibwano. "Akuti ku Kolhapur midzi yasintha. Ili m'kabatimo."

Mdzukuluyo anawonjezera yekha, m'Chingelezi kuti agogo ake asamve, kuti sari imeneyo amaitulutsa kawirikawiri n'kuipindanso mwatsopano kuti ulusi usathyoke, koma fall yake sanasokererebe. Ukwatiwo unali utakonzedwa kuti udzachitike mu Disembala, ndipo ife tinanyamuka mu Okutobala.